Serial port ya PlayStation yoyamba ikakana kulankhulana ndi kompyuta

Kumbuyo kwa PlayStation yoyamba, yotuwa ija imene kampani ya Sony inatulutsa ku Japan mu December 1994, kuli kabowo ka mapini asanu ndi atatu kolembedwa kuti SERIAL I/O, ndipo ambiri mwa anthu amene anali ndi makinawa sanabayepo kanthu pamenepo. Ntchito yake yoyamba inali yolumikiza makina awiri ndi chingwe cha Link Cable, cha nambala SCPH-1040, kuti anthu awiri azisewera magemu monga Doom, Wipeout ndi Destruction Derby, aliyense akuyang'ana TV yake. Port yomweyi inagwiranso ntchito pa PlayStation yakuda ya Net Yaroze, imene inayamba kugulitsidwa mu 1996 kwa anthu ofuna kuphunzira kulemba magemu, popeza mapulogalamu awo ankachoka pakompyuta n'kulowa m'makinawo kudzera pamenepa.

Amene akuigwiritsa ntchito masiku ano ndi anthu olemba okha mapulogalamu a makinawa, chifukwa kuika pulogalamu pachimbale chatsopano nthawi iliyonse imene mwasintha mzere umodzi ndi ntchito yotopetsa komanso yotha zimbale. Njira yofala ndi yotsegula pa PlayStation pulogalamu ya Unirom, imene imalandira mafayilo kudzera pa port imeneyi, kubaya kaadaputa ka USB pakompyuta, n'kumatumiza mafayilo ndi pulogalamu yotchedwa nops. Madandaulo ake sasinthasintha. Mwina kompyuta imangodikira yankho koma kuli zii, mwina pasikirini pamabwera zilembo zosokonekera zosawerengeka, kapenanso fayilo imanyamuka bwinobwino n'kukaimira panjira. Munthu akagwira njakata chonchi amathamangira kusaka pulogalamu ina kapena kusintha driver, koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kuyambira kumapeto. Mavuto ambiri a port imeneyi amakhala pa mawaya atatu, a TXD (wotumizira), RXD (wolandirira) ndi GND (wa 0V, poyambira kuyeza magetsi), ndiponso pa mphamvu ya magetsi oyenda m'mawayawo, ndipo zonsezi zimayezeka ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, popanda kulota.

Magetsi ake si a RS-232

Makompyuta akale anali ndi serial port ya mapini asanu ndi anayi yotsatira muyezo wa RS-232, ndipo zingwe za USB zokhala ndi pulagi yoteroyo zikupezekabe. Chingwe chotero musachilumikize mwachindunji ku PlayStation. Pa RS-232, nambala 1 imaimiridwa ndi magetsi a pakati pa -3V ndi -15V, pamene 0 imaimiridwa ndi a pakati pa +3V ndi +15V. PlayStation imagwiritsa ntchito 0V ndi mphamvu yapafupi ndi 3.3V basi, ndipo waya akakhala kuti sakutumiza kanthu amakhala pa mphamvu yokwerayo. Kusiyanaku kuli pawiri: magetsi a RS-232 ndi amphamvu mopyola muyezo umene makinawa angapirire, komanso ndi otembenuzidwa, moti ngakhale zitapanda kupsa, chimene mbali ina yatumiza ngati 1 chingafike ngati 0. Amene akufunitsitsa kugwiritsa ntchito port yakale ya kompyuta aike pakati chip ya MAX3232, imene imagwira ntchito pa 3.3V, osati MAX232 imene ndi ya 5V. Njira yosavuta kuposa pamenepa ndi yogula kaadaputa ka USB kokhala ndi mapini olembedwa TX, RX ndi GND, komwe nthawi zambiri kamakhala ndi chip ya FT232RL, CP2102 kapena CH340.

Pa kaadaputa kameneka pamakhala msampha wina. Tambiri tili ndi jumper, kachipewa kakang'ono kapulasitiki kovekedwa pa mapini awiri, kosankhira pakati pa 5V ndi 3.3V. Pa mabolodi ena kusuntha kachipewako kumasintha magetsi a mapini onse, koma pa ena kumangosintha pini yopereka magetsi ya VCC yokha, pini ya TX n'kumatulutsabe 5V. Zolembedwa pabolodi musazikhulupirire musanayeze. Bayani kaadaputa pakompyuta kasanalumikizidwe ku PlayStation, ikani waya wakuda wa multimeter pa GND ndi wofiira pa TX, ndipo muwerenge. Mukaona nambala yapafupi ndi 3.3 pitirizani, koma mukaona 5 imani pomwepo, mupeze adaputa ina kapena muike kabolodi kotsitsa mphamvu pakati. Alipo amene amati akhala akugwiritsa ntchito 5V kwa nthawi yaitali popanda choopsa, koma umenewo si umboni wakuti makina anu apirira, ndipo mawaya a port imeneyi amakathera ku chip yaikulu ya makinawo, imene kuisintha si masewera.

Kaadaputa kakapambana pamenepa, kayeseni pakokha. Lumikizani pini yake ya TX ndi ya RX ndi kawaya kakafupi, tsegulani pulogalamu monga PuTTY, Tera Term kapena minicom pa liwiro la 115200, zimitsani flow control ndi local echo, kenako lembani zilembo zingapo. Zimene mukulemba zikamaoneka pasikirini, n'kusiya kuoneka mukachotsa kawayako, ndiye kuti adaputa, driver ndi nambala ya port pakompyuta zonse zili bwino, ndipo vuto lisakidwe kutsogolo. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi ziwiri, koma kumachotsa theka la zinthu zokayikitsa, n'chifukwa chake n'zodabwitsa kuti ambiri amakudumpha.

Mapini owerengedwa chobwerera

Apa ndi pamene pafunika kudekha kwambiri. Mapini a port imeneyi amatsatana motere kuchokera mbali imodzi: RTS, GND, DTR, CTS, TXD, DSR, pini ya magetsi, n'kumalizira ndi RXD. Zithunzi zambiri zimawerenga mapiniwa kuyambira ku RTS, moti GND imakhala nambala 2, TXD nambala 5 ndi RXD nambala 8, koma zolemba zina zimayambira mbali inayo, ndipo GND imasanduka nambala 7. Onjezani apo kuti chithunzi china chimaonetsa port ikuyang'anidwa kuchokera kunja kwa makina, china chimaonetsa pulagi, chinanso chimaonetsa pansi pa bolodi, ndiye muona chifukwa chake anthu amasokonezeka ngakhale atatsatira chithunzi mosamala.

Choopsa n'chakuti GND ndi yachiwiri kuchokera mbali imodzi, pamene pini ya magetsi ndi yachiwiri kuchokera mbali inayo. Munthu amene wawerenga chobwerera amalumikiza GND ya adaputa ku magetsi a PlayStation, amatenga CTS ngati TXD, ndiponso RTS ngati RXD. Zikakhala bwino, amangopeza kuti palibe chikuyenda. Zikavuta, makamaka pamene kompyuta ndi makinawo zakumana kale kudzera pa TV kapena pa chipangizo chojambulira kanema, magetsi amadutsa chidule ndipo angathe kupsereza imodzi mwa mafyuzi ang'onoang'ono a pabolodi.

Njira yopewera zimenezi ndi yofufuza GND nokha makina ali chizimire. Bayani pulagi ya chingwe chanu cha serial mu port, bayaninso chingwe cha AV chopita ku TV, ikani multimeter pa muyezo umene umalira mawaya akakhudzana, ndipo gwirizitsani waya wake mmodzi pa mkombero wachitsulo wakunja kwa pulagi yachikasu ya chingwe cha AV. Ndi waya winayo khudzani mawaya a chingwe chanu mmodzimmodzi. Amene alize multimeter ndiye GND, ndipo mukadziwa mbali imene GND ili, mapini ena onse amadziwika powerenga. Kenako yatsani makina n'kutsimikiza kuti waya wachiwiri kuchokera mbali inayo akuonetsa pakati pa 3.3V ndi 3.5V. Waya ameneyu mukamupeza mukulungeni ndi tepi n'kumusiya, chifukwa adaputa ikulandira kale magetsi kuchokera ku USB, ndipo palibe chifukwa cholumikizira magetsi a mbali ziwirizi. Muziyeza pa nsonga za mawaya, osati mkati mwa port, popeza mapini ali pafupipafupi ndipo nsonga ya multimeter ikaterereka imakhudza awiri nthawi imodzi.

Amene adula Link Cable pakati kuti apeze pulagi adziwe kuti chingwecho chimapingasa mawaya mkati mwake, kuti TXD ya makina amodzi ikafike ku RXD ya makina enawo. Choncho waya wa mtundu umodzi ali ndi ntchito yosiyana pa zidutswa ziwirizo, ndipo mitundu ya mawaya imasiyananso malinga ndi kampani imene inapanga chingwecho. Mndandanda wa mitundu umene wina analemba za chingwe chake sungakuthandizeni pa chanu. Waya aliyense ayenera kulondoledwa ndi multimeter mpaka pa pini yake.

Mawaya akadziwika, lamulo lake ndi lakuti TX ya adaputa ipite ku RXD ya PlayStation, RX ya adaputa ipite ku TXD, ndipo GND ipite ku GND. Kulumikiza TX ku TXD kuli ngati anthu awiri amene akulankhula nthawi imodzi popanda womvetsera. Mabolodi ena amalemba mapini malinga ndi kumene ayenera kupita osati ntchito yawo, kotero ngati zonse zayezedwa koma kudakali zii, kusinthanitsa mawaya awiriwa ndi chinthu choyenera kuyesa, makina atazimitsidwa. Kuiwala GND nakonso kumachitika kawirikawiri, ndipo kumapusitsa chifukwa nthawi zina zinthu zimayenda pang'ono kudzera pa njira ina ya magetsi, n'kumaduka popanda chifukwa chooneka.

Kodi mbali inayo pali amene akumvetsera?

PlayStation ikayatsidwa yokha, n'kufika pa sikirini ya memory card ndi ya nyimbo, palibe pulogalamu imene imamvetsera serial port. Chingwe chingakhale changwiro chotani, kompyuta siyankhidwa. Pafunika kuti Unirom, kapena pulogalamu ina yonga iyo, ikhale itatsegulidwa kale, kaya kuchokera pachimbale, pa katiriji ya mtundu wa Action Replay kapena Xplorer yobayidwa pa parallel port, kapena pa memory card yokonzedwa ndi FreePSXBoot, njira yotsegulira mapulogalamu popanda chimbale imene inatuluka mu 2021. Makina a SCPH-9000 ndi anzake a m'gulu lomwelo alibe parallel port, choncho katiriji si njira kwa iwo, ngakhale serial port ali nayo.

Pali dandaulo lina limene limaoneka ngati vuto la chingwe pamene si choncho: fayilo yoyamba imapita bwino, koma yachiwiri imakana. Chimene chachitika n'chakuti pulogalamu imene mwatumiza yatenga ulamuliro wa makina, ndipo Unirom, imene inkamvetsera, sikugwiranso ntchito. Dinani batani la RESET kuti mubwerere ku Unirom musanatumize ina, kapena gwiritsani ntchito lamulo la /debug la nops, limene limasiya kachigawo komvetsera m'chikumbukiro cha makina, malinga ngati pulogalamu yanu sikulemba pamwamba pake. Mofananamo, mawu amene pulogalamu yanu ikutulutsa ndi printf safika kukompyuta pokhapokha patakhala chowalondolera ku serial port, monga AddSIO ya mu Psy-Q, zida zolembera magemu a PlayStation, ndiponso kompyuta itasiyidwa ikumvetsera, zimene mu nops zimachitika poonjezera /m pa lamulo lotumizira.

Mbali ya kompyuta ili ndi timavuto take todziwika, ndipo kuyesa kolumikiza TX ndi RX kuja kumatiulula msanga. Port imodzi singatsegulidwe ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi, choncho PuTTY imene munayesera ija itsekedwe nops isanayambe. Pa Windows nambala ya COM imatha kusintha mukabaya adaputa pa bowo lina la USB, ndipo yolondola imaoneka mu Device Manager. Adaputa zakale za PL2303, makamaka zachinyengo, zimaonetsa Code 10 pa driver zatsopano, ndipo kugula adaputa ina n'kosavuta kusiyana ndi kulimbana nazo. Pa Linux adaputa imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout pa Debian ndi Ubuntu, kapena la uucp pa Arch. Pa Ubuntu 22.04 pulogalamu ya brltty, yothandiza anthu osaona, imalanda adaputa za CH340 zikangobayidwa, moti port imaoneka kamphindi n'kusowa, ndipo lamulo la dmesg limaonetsa zimenezi poyera.

Zilembo zosokonekera ndi fayilo yoimira panjira

Zilembo zosokonekera ndi nkhani yabwino pang'ono, chifukwa zikusonyeza kuti waya wa TXD ndi wolondola ndipo chinachake chikufika. Kawirikawiri mbali ziwirizi sizinagwirizane pa liwiro. Unirom imalankhula pa 115200, ndi ma bit asanu ndi atatu, popanda parity, ndi stop bit imodzi, pamene Net Yaroze imayambira pa 9600 mpaka mwini wake atasintha. Ngati liwiro lili lolondola koma zilembo zonse n'zosawerengeka, bwererani ku nkhani ya RS-232 ija, popeza magetsi otembenuzidwa amabala zisonyezo zomwezo.

Nkhani ya liwiroyi ili ndi mbali ina imene ambiri saidziwa. PlayStation imapeza liwiro la port pogawa liwiro la wotchi yake, lomwe ndi 33.8688 MHz. Mapulogalamu ambiri amagawa nambala imeneyi ndi 16, kenako ndi nambala yathunthu, ndipo kuti zifike pa 115200 pangafunike 18.375, imene siingalembedwe pamenepo. Amaika 18, ndipo liwiro lenileni limatuluka 117,600, lomwe lapyola ndi pafupifupi 2 peresenti. Kulankhulana kwa mtundu umenewu kumapirira kusiyana kochepera pa 5 peresenti mbali zonse ziwiri zikaphatikizidwa, choncho zinthu zimayenda, koma gawo lina la mpata wopirira latha kale. Adaputa imene nayonso liwiro lake ndi lopendekera mbali inayo, kapena chingwe chachitali chimene chikufooketsa magetsi, zimamaliza mpata wotsalawo. Apa ndi pamene pamachokera vuto lothetsa nzeru lija, lakuti mauthenga aafupi amafika bwino koma fayilo yaikulu imaonongeka.

Liwiro la 115200 limanyamula ma byte pafupifupi 11,520 pa sekondi, kutanthauza kuti fayilo ya 1 MB imatenga mphindi imodzi ndi theka, pamene pa 9600 imatenga mphindi zoposa 18. Popeza chikumbukiro chachikulu cha makinawa ndi 2 MB yokha, kudikira sikupitirira mphindi zitatu pa 115200. Komabe nops ili ndi lamulo la /fast, limene limakweza liwiro kupitirira 500,000, ndipo si adaputa iliyonse imene imakwanitsa kufika pamenepo molondola. Fayilo ikamaimira panjira, choyamba chotsani /fast ndipo muzimitse makina n'kuyatsanso, chifukwa PlayStation ikasiyidwa pa liwiro lokwera simvanso kompyuta imene yabwerera pa 115200. Zikayenda pa liwiro wamba, ndiye kuti cholephera ndi adaputa kapena chingwe. Fupikitsani mawaya atatu aja kuti asapitirire utali wa mkono, muonjezere utali kumbali ya USB, ndipo muwapatule ku chingwe cha magetsi. Pa adaputa za FTDI, latency timer, nthawi imene adaputa imadikira isanapereke kukompyuta zimene yalandira, imakhala pa 16 ms, ndipo kuitsitsa kufika pa 1 ms kumafulumizitsa mayankho afupiafupi amene mbali ziwirizi zimapatsana pakati pa zigawo za fayilo. Timawaya tobaya pamanja timene timagwedera pa mapini tisinthidwe ndi mawaya owotcherera, chifukwa kugwedezeka kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kokwanira kutaya byte imodzi.

Pamene mawaya atatu sakukwanira

Unirom imakhutira ndi TXD, RXD ndi GND, koma mapulogalamu akale monga SIOCONS ya Net Yaroze amadaliranso mawaya opatsana chilolezo, a RTS, CTS, DTR ndi DSR. Pulogalamu yotero ikapanda kuona chizindikiro chakuti mbali inayo yakonzeka imangokhala chete, ndipo munthu angaganize kuti chingwe chafa pamene chingwecho chikugwira bwino ntchito ndi nops. Magemu a Link Cable nawonso amafuna chingwe chathunthu. Makina awiri akakana kuonana m'gemu, yesani waya aliyense wa chingwecho ndi multimeter, tsimikizani kuti zimbale ziwirizo ndi za gemu imodzi ndiponso za chigawo chimodzi, osati china cha PAL (monga cha ku Ulaya) china cha NTSC (monga cha ku America kapena ku Japan), ndipo chingwecho chibayidwe makina onse ali chizimire.

Zonsezi zikayesedwa koma osaphula kanthu, port yeniyeniyo ndiyo yatsala. Makinawa akwanitsa zaka zoposa 25, ndipo kabowo kamene sikanabayidwepo kanthu kamadzaza fumbi, mapini ake n'kuchita dzimbiri lopyapyala losaoneka ndi maso. Zulani makina kumagetsi, nyowetsani kaburashi kakang'ono ndi isopropyl alcohol, tsukani mapiniwo, dikirani kuti aume, kenako bayani ndi kuzula pulagi kangapo kuti zitsulo zikhulane. Ngati kugwedeza pulagi kukuchititsa kuti kulankhulana kuzibwera n'kumaduka, mwina malo owotcherera port pabolodi ang'aluka, ndipo kuwawotchereranso kumathetsa vutolo. Potsegula makina kumbukirani kuti mitundu yonse yotuwa yaikuluyi ili ndi bolodi ya magetsi mkati, imene imalandira mphamvu yonse ya pakhoma ndipo ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa, choncho bolodi imeneyo isakhudzidwe.

PSone yaing'ono ya mu 2000, ya nambala SCPH-100 ndi anzake, ilibe serial port kunja, koma njira za TXD ndi RXD zilipobe pabolodi, ndipo zimafikika powotcherera timawaya topyapyala pa malo ake. Malamulo ake ndi omwewo: magetsi a 3.3V, mawaya opingasa, GND yolumikizidwa, waya wa magetsi wosiyidwa. Mawayawo amangiriridwe ku chikwama cha makina ndi tepi kapena guluu asanatuluke kunja, chifukwa kukoka kamodzi kokha kumazula kachitsulo kopyapyala ka pabolodi pamodzi ndi waya.